Dzino Limene Lidatsala Pang'ono Kuzulidwa



Mwana wamng'ono akayamba kumene ku madrasa, maso ake amakhala pakamwa pa mwalimu nthawi yaitali kuposa pa buku. Ndikamaphunzitsa chilembo cha Thaa ndimagwada pafupi ndi mwanayo, nkutulutsa nsonga ya lilime pang'ono, nkuikhudzitsa ku mano awiri a kutsogolo a m'mwamba, kenaka nkumuuza kuti, "Taona pamene ndaika lilime langa, nawenso uike pomwepo." Ntchito imeneyi ndaigwira zaka 11 tsopano. M'chaka cha 2023 limodzi mwa mano awiri amenewa lidatsala pang'ono kuzulidwa, ndipo ndati ndikusimbireni m'mene lidapulumukira, chifukwa ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri kuno kunyanja muli wina amene amagona atagwira tsaya.

Dzino limeneli lidavulala ndiri ndi zaka 14. Usiku wina ndidatsagana ndi amalume kukapha usipa. Pobwerera m'bandakucha mwera udayamba, mafunde adagwedeza bwato, ndipo nkhafi ya mnzanga idandimenya pakamwa. Dzino lidabenthuka pangodya, mlomo udatupa, magazi adatuluka pang'ono. Mayi adandipatsa madzi ofunda a mchere kuti ndizichukucha m'mawa ndi madzulo. Patatha sabata imodzi ululu udatha, ndipo tonse pakhomo tidati lapola. Palibe amene adaganiza za chipatala, pakuti munthu angapitirenji kuchipatala ndi chinthu chimene sichikupweteka?

Zaka zidapita. Ndiri ku koleji ya maphunziro a Chisilamu, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi ndiye adayamba kuona kuti dzino lija silikufanana ndi linzake. Lidali litayamba kuda, ngati kuti mkati mwake mudalowa phulusa. Ndidalitsuka ndi mswachi mpaka nkhama kutuluka magazi, koma kudako sikudachoke, chifukwa kudali kwa mkati. Ku koleji komweko ndi kumene ndidaphunzira bwino malo otulukira zilembo za Chiarabu, amene katswiri Ibn al-Jazari, yemwe adamwalira mu 1429, adawawerenga kuti alipo 17. Zilembo za Thaa, Dhaal ndi Dhwaa zimatuluka nsonga ya lilime ikakhudza kunsonga kwa mano awiri a kutsogolo a m'mwamba. Chilembo cha Faa chimatuluka mano omwewo akagunda mlomo wa m'munsi. Zonsezi ndidaziloweza ndipo ndidakhoza mayeso, koma sindidaganize kuti limodzi mwa mano amene ndinkawalemba m'kope liri kudwala m'kamwa mwanga momwe.

Nditayamba ntchito, kachiphuphu kadatuluka pa nkhama, pamwamba penipeni pa dzino lija. Kankatupa masiku awiri kapena atatu, nkuphulika, nkusiya kakomedwe koipa m'kamwa, kenaka nkuzimirira. Pakapita miyezi kankabweranso. Ndinkati nkutentha kwa m'thupi, kapena munga wa nsomba wandibaya. Ndidakhala nako chomwecho zaka zambiri.

Sabata yachiwiri ya Ramadhan ya 2023 kachiphuphu kaja sikadaphulike. M'malo mwake dzino lidayamba kugunda ngati muli munthu woimba ng'oma. Lidaoneka ngati latalika kuposa anzake, moti ndikatseka pakamwa ndilo linkayamba kugundana ndi la m'munsi. Nthawi yowawa koposa idali ya sijida. Ndikangoika chipumi pansi, ululu unkathamangira kumphuno ndi kudiso, ndipo pa swala ya Tarawehe ndinkawerenga masijida amene atsala m'malo moika mtima pa zimene ndikunena.

Mankhwala a pakhomo ndidayesa onse. Ndidaika piritsi la asipirini pa nkhama usiku wonse, kutacha ndidapeza pamalopo patayera, papsa ngati pathiridwa madzi otentha, koma dzino likugundabe. Azakhali anga adabwera ndi zipatso za nthula. Adati, "Mwanawe, m'dzino mwakomo muli mbozi. Tiwotche njerezi, utsi ulowe m'kamwa, mbozi igwera yokha m'madzi." Tidachitadi, ndipo m'mbale mudaoneka tinthu toyera topindika. Azakhali adakondwa, koma nditatitola ndi kuyang'anitsitsa ndidaona kuti ndi timkati ta njere zomwe zija titaphulika ndi moto. Sindidawatsutse, chifukwa adayenda ulendo wautali kaamba ka chikondi. Kenaka ndidagula makapisozi pa golosale. Ululu udachepa masiku anayi, nkubweranso ndi ukali. M'mawa wina ndidadzuka mlomo wa m'mwamba utatupa mpaka m'mbali mwa mphuno, thupi likutentha.

Mayi a ana anga adati, "Bambo, lero lomwe mupite kuchipatala." Ine ndidayankha kuti ndipita ikatha Eid, chifukwa sindifuna kuononga swaumu yanga. Madzulo a tsiku lomwelo Shehe wa pa mzikiti wathu, munthu wamkulu amene adandiphunzitsa ndiri mwana, adandiitanira pambali. Adati, "Mwalimu, nkhope yanuyi mukufuna ifike pati?" Ndidawauza mawu omwe aja a swaumu. Adandiyang'ana nthawi yaitali, nkunena kuti, "Inu mudapita ku koleji, ine sindidapiteko. Tandiuzani, kodi wodwala saloledwa kumasula nkudzabweza? Nanga jekeseni ya pa nkhama ndi chakudya?" Ndidasowa choyankha. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti bungwe la akatswiri a malamulo a Chisilamu lochokera m'maiko ambiri, pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu 1997, lidagamula kuti kubowola dzino, kulizula kapena kulitsuka sikumasula swaumu malinga munthu apewe kumeza kanthu. Zimenezi ndidaziphunzitsapo anthu ena. Choonadi chidali chakuti ndinkaopa jekeseni ndi chopanira, ndipo mantha angawo ndidawaveka mkanjo wa chipembedzo.

Kutacha ndidapita ku chipatala cha boma. Woona za mano wa kumeneko adandilandira bwino. Adagogoda dzino ndi chitsulo, ine nkulumpha pampando. Adaligwedeza ndi zala nkupeza kuti nlolimba. Kenaka adati, "Bambo, njira zilipo ziwiri. Nditha kulizula, ululu utha, koma mukhala ndi mpata pakati penipeni. Njira ina ndi yotsuka ngalande ya m'muzu, imene timaitcha root canal. Muzu wa dzino lanuli ngwabwino, lingathe kupulumuka. Kuno zipangizo zake tiribe, muyenera kupita kutauni, ndipo ndalama zidzafunika." Adabowola chotupa chija kuti mafinya atuluke, adandipatsa mankhwala, nkunena kuti ndikaganize koma ndisachedwe. Aka kadali koyamba m'moyo wanga kumva kuti dzino lochita mafinya lingachiritsidwe liri m'kamwa. Kwathu kuno dzino likapweteka timadziwa zinthu ziwiri zokha, kupirira kapena kuzula.

Usiku umenewo pakhomo padali mlandu. Alamu anga adati, "Achimwene, kuzula nkwaulere. Muwonongerenji ndalama pa dzino limodzi pamene muli nawo ena 31?" Mawu awo adali ndi nzeru yake. Ndalama zimene tidali nazo zidali zimene tidasonkhanitsa kwa chaka chathunthu kuti tigule malata ofolera chipinda cha ana, chimene chimadontha nthawi ya dzinja. Ndidaganizanso za agogo ena a mu mzikiti mwathu amene mano adagweluka kalekale, koma amawerenga Qur'an tsiku ndi tsiku, ndipo palibe angawanene kuti akulakwa, pakuti Mulungu sakakamiza munthu chimene sangathe. Koma agogowo amadziwerengera okha. Ine ndiri ndi ana oposa 40 amene amatengera chilembo chirichonse pakamwa panga. Ndikati Thaa wanga azitulukira pa mpata, anawo adzamtola momwemo ndipo adzamphunzitsa ana awo. Mayi a ana ndiwo adadula mlandu. Adati, "Malata tidzagula chaka cha mawa, ali m'sitolo sakuthawa. Dzino la munthu wamkulu silimeranso."

Ndidakwera minibasi ya m'mamawa kuchoka ku Mangochi, kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba, mpaka ku Blantyre. Dokotala wa mano adayamba ndi kujambula dzino ndi makina a X-ray, ndipo adandionetsa chithunzicho. Muzu udaoneka woyera, koma kunsonga kwake kudali kabwalo kakuda kofanana ndi njere ya nandolo. Adati, "Mwalimu, apa fupa ladyeka. Dzino lanuli lidafa kalekale."

Adandifotokozera motere. Dzino si mwala ayi. Kunja kuli chikhungwa cholimba, koma mkati muli mphako ngati ya bango, imene imapitirira m'muzu ngati kangalande kopyapyala. M'kangalandemo mumakhala kanyama kofewa kokhala ndi timitsempha ta magazi todyetsa dzino ndi tina tomvera ululu. Dzino likamenyedwa mwamphamvu, kapena likabowoka ndi kuola mpaka kufika mkati, kanyamako kamafa. Kakafa ululu umaleka, ndipo mwini wake amayesa kuti wachira. Koma tizirombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya timalowa nkuswana m'mphako yakufayo, ndipo zoipa zake zimatulukira kunsonga kwa muzu nkumadya fupa. Kachiphuphu kanga kaja kadali khomo lotulukira mafinya. Tsiku limene khomolo lidatsekeka ndi limene nkhope idatupa. Ndidafunsa chifukwa chake makapisozi sadandichiritse. Adati mankhwala akumwa amayenda ndi magazi, ndipo m'dzino lakufa magazi safikamo. Amangochepetsa kutupa kwa kunja, pamene chisa cha tizirombo chiri chikhalire. Pamenepo ndidazindikira kuti sabata ija ululu udatha ndiri mnyamata, ife nkumathokoza kuti lapola, mwina ndi pamene dzino lidali kufa.

Jekeseni imene ndidaiopa zaka zonsezi idangobaya ngati munga wa usipa, ndipo posakhalitsa mlomo ndi mphuno zidachita dzanzi. Dokotala adaphimba pakamwa panga ndi kansalu ka labala, nkutulutsa dzino lodwalalo lokha pa kabowo. Adati kansaluko kamaletsa malovu kulowa m'dzino ndiponso mankhwala kutsikira kukhosi. Mtima udakhala pansi pa za swaumu yanga. Adabowola kuseri kwa dzino, mbali ya lilime, kuti bowo lisamaoneke ndikaseka. Atangofika mkati mudatuluka fungo loipa limene ndidachita nalo manyazi. Mbozi ya azakhali ija mudalibe, mudali mafinya ndi zoola basi. Adayesa kutalika kwa ngalande nkupeza mamilimita 23. Kenaka adatenga tisingano topyapyala tokhala ndi timano ngati tupa, nkumapala makoma a ngalandeyo, kuyambira kakang'ono kufikira kokulirapo. Pakati pake ankatsukamo ndi mankhwala opha tizirombo, a mtundu umodzi ndi Jik wochapira zovala koma okonzedwa mwa muyeso wa chipatala. Apa ndichenjeze kuti wina asayese kuthira Jik m'dzino kunyumba, angapse koopsa. Pomaliza adaikamo mankhwala oyera a mtundu wa laimu, nkumata bowo mongoyembekezera. Ntchito yonse idatenga ngati ola limodzi. Ululu sindidaumve, ndidangotopa ndi kuyasamula.

Masiku awiri otsatira dzino linkamveka kuwawa pang'ono ndikaluma, koma kugunda kuja kudatheratu. Usiku wa 27 wa Ramadhan ndidachita sijida yaitali popanda kuwerenga masijida otsala. Itatha Eid ndidabwerera ku Blantyre kawiri. Ulendo wachiwiri adatsukanso ngalande ndi kusintha mankhwala, chifukwa mudali mukadali chinyezi. Ulendo wachitatu adapeza mouma, ndipo adadzaza ngalande yonse ndi timitengo tofewa tofiirira totchedwa gutta-percha, topangidwa ndi utomoni wa mitengo ina ya ku Malaysia ndi maiko oyandikana nako. Cholinga chake nchakuti pasatsale malo oti tizirombo nkukhalamonso. Adamata bowo ndi mankhwala olimba oyera, ndipo adakonzanso ngodya imene idabenthuka ndi nkhafi ija. Mu 2024 ndidapita kukajambulitsanso. Kabwalo kakuda kaja kadali katachepa kwambiri, fupa likumera m'malo mwake. Alhamdu Lillah.

Nditachira ndidafuna kudziwa kumene nzeru imeneyi idachokera. Ndidapeza kuti sing'anga wotchuka wa Chisilamu wa ku Cordoba, Abu al-Qasim al-Zahrawi, amene adamwalira cha m'ma 1013, adajambula m'buku lake zipangizo zochotsera litsiro louma m'mano, adafotokoza za kumanga mano ogwedera ndi waya wa golide kapena siliva, ndipo adalangiza kuti sing'anga asathamangire kuzula dzino asanayese njira zina. Iye adalibe zoonera mkati mwa muzu. Kansalu ka labala kaja adakayambitsa Sanford Barnum ku New York mu 1864, ndipo X-ray adaitulukira Wilhelm Röntgen ku Germany mu 1895. Kuno ku Malawi madokotala a mano akhala ochepa kwa nthawi yaitali, ndipo onse ankaphunzira kunja mpaka mu 2019 pamene College of Medicine ku Blantyre idayamba kuwaphunzitsa konkuno mothandizana ndi University of Glasgow. Tiyembekeze kuti ana athu sadzayenda ulendo wonga wanga chifukwa cha dzino limodzi.

Ndisakunamizeni kuti dzino lirilonse lingapulumuke. Ngati muzu udang'aluka, kapena dzino lidaola mpaka kutsala chitsa chokhachokha, kuzula ndiye mankhwala ake, ndipo palibe manyazi pamenepo. Langa lidali la kutsogolo, lokhala ndi ngalande imodzi yowongoka. Mano akuluakulu otafunira a kumbuyo amakhala ndi ngalande 3 kapena 4, zina zokhota, choncho ntchito yake njovuta ndi yodula, ndipo kawirikawiri amafunika kuvekedwa chisoti pamwamba kuti asasweke. Mwa mano 10 ochiritsidwa bwino, pafupifupi 9 amakhala zaka zambiri akugwira ntchito, koma ena matenda amabwerera. Langa silimvanso kutentha kwa tiyi ngakhale kuzizira kwa madzi, nlakudabe pang'ono kuposa linzake, ndipo ndidasiya kusendera nalo nzimbe ndi kudulira ulusi wa ukonde. Malata aja tidagula patapita miyezi 14, ndipo dzinja limodzi ana adagona pabalaza. Mtengo wake tidaulipira tonse pakhomo.

Tsono abale ndi alongo, pali zinthu zimene ndikadakonda wina akadandiuza ndiri ndi zaka 14. Mwana akamenyetsa dzino, pa mpira, pa njinga kapena m'bwato, mupite naye akamuone ngakhale ululu utatha. Dzino likayamba kuda palokha, kapena pa nkhama pakamatuluka kachiphuphu kobwerabwera, dziwani kuti mkati muli vuto. Musaike asipirini pa nkhama, ndipo musadalire makapisozi a pa golosale. Nkhope ikatupa, thupi nkutentha, makamaka ngati kutupako kukulowera kudiso kapena kukhosi, kapena munthu akulephera kumeza ndi kuyasamula, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa matenda a dzino akafalikira amapha. Makolo, kumbukiraninso kuti mwana akafika zaka 6 amamera mano akuluakulu kumbuyo popanda lina kuguluka. Amenewo ndi a moyo wake wonse, si a ubwana, ndipo ndi amene masiwiti ndi zakumwa zotsekemera zimayamba kuwabowola. Mswachi umene timauphunzitsa ngati Sunnah tiugwiritsedi ntchito, m'mawa ndi pogona, pamodzi ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Ndipo woona za mano asanatenge chopanira, funsani mwaulemu kuti, "Kodi dzino limeneli lingapulumuke?" Akati ayi, mwamva. Akati inde, mupeze nthawi yokambirana ndi a pabanja panu. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine ndidazengereza zaka pafupifupi 20, ndipo ndidapulumuka mwa chifundo cha Allah chokha.

Sabata yatha kudabwera kamtsikana ka zaka 5 kamene mano ake a kutsogolo sadayambe kuguluka. Kankatchula Thaa ngati Saa, monga amachitira ana ambiri kuno. Ndidagwada pafupi nako, nkuika lilime pa mano anga awiri, loyera ndi lakuda lija, nkunena kuti, "Taona apa." Kadayang'anitsitsa nkufunsa kuti, "Mwalimu, dzino ili ladetsedwa ndi chiyani?" Ndidati, "Lidadwala, koma lidachira. Tsopano tulutsa lilime." Pa ulendo wachitatu chilembo chidatuluka bwino.

Allah atipatse tonse thanzi, ndipo atipatse nzeru yosamala zimene adatisungitsa. Wassalamu alaikum.